Mafunso a green card ya ukwati ku America: ndikonzekere bwanji?

Mayi wa ku South Bend analemba kuti:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene munadutsamo kale. Ndinakwatiwa ndi nzika ya dziko la America chaka chatha, ndipo amuna anga anatumiza fomu ya I-130 yotsimikiza kuti ndine mkazi wawo, pamodzi ndi yanga ya I-485 yopempha green card, chimene ndi chilolezo chokhazikika m'dziko muno. Sabata yatha talandira kalata yochokera ku USCIS, nthambi ya boma yoona za anthu olowa m'dziko muno, yotiitana tonse awiri kuti tikaonekere ku ofesi yawo mwezi wamawa kukafunsidwa mafunso. Banja lathu ndi lenileni, koma mtima wanga uli m'mwamba pa zifukwa ziwiri. Nyumba imene tikukhala ili m'dzina la amuna anga okha chifukwa anayamba kuichita lendi tisanadziwane, ndipo akaunti ya kubanki ya tonse awiri taitsegula miyezi inayi yokha yapitayi. Komanso ine ndinakulira pakhomo pamene nkhani za kuchipinda sizikambidwa kwa mlendo, ndipo ndamva kuti ena amafunsidwa ngakhale mbali ya bedi imene amagona. Kodi zimenezi n'zoona?

Bambo wa ku Maryland anayankha kuti:

Mayi, khazikani mtima pansi. Ine ndi akazi anga tinadutsamo, ndipo zinatitengera nthawi yosakwana ola limodzi. Mukangolowa amakulumbiritsani kuti mulankhula zoona, kenako wofunsayo amatsegula fomu yanu n'kuyamba kuiwerenga pamodzi nanu: dzina, tsiku lobadwa, tsiku limene munalowa m'dziko muno, ndiponso mafunso ambiri aja ofuna yankho la inde kapena ayi okhudza milandu ndi zina zotero. Choncho muiwerengenso bwino fomuyo musanapite, ndipo ngati muli cholakwika mukachitchule nokha.

Akatero amafika pa za banja. Ife anatifunsa mmene tinadziwirana, amene anabwera ku ukwati wathu, mayina a apongozi, ndiponso amene amalipira magetsi. Chimene akufuna kuona n'chakuti anthu awiriwa akukhaladi moyo umodzi, ndiye chifukwa chake nkhani ya lendi isakusowetseni tulo. Pemphani mwini nyumba kuti awonjezere dzina lanu pa chikalata cha lendi, kapena alembe kalata yotsimikiza kuti mumakhala pamenepo. Tengani makalata onse amene amafika pa adiresiyo m'dzina lanu, inshuwalansi ya chipatala kapena ya galimoto yokhala ndi mayina onse awiri, ndi mapepala a msonkho ngati munadzaza monga banja. Za akaunti ya kubanki, ine ndikuona kuti miyezi inayi imene mukugulira zakudya ndi kulipira mabilu ikuposa akaunti ya zaka ziwiri imene ndalama siziyendamo.

Ngati kwanu kunachitika chinkhoswe, musasiye zithunzi zake. Ife wofunsayo anachita chidwi titamufotokozera ntchito ya ankhoswe, chifukwa zinaonetsa kuti mabanja a mbali zonse ziwiri akuudziwa ukwatiwo.

Mlongo wa ku Texas anayankha kuti:

Achemwali, ndingowonjezera za zikalata. Mukatenge zenizeni, osati mafotokope okha: pasipoti, chikalata cha ukwati, chikalata chobadwira, ndiponso chikalata chothetsa ukwati ngati wina mwa inu anakhalapo pa banja kale. Pepala lililonse lolembedwa m'Chichewa, monga la ubatizo kapena kalata ya amfumu, liyenera kumasuliridwa m'Chingelezi, ndipo womasulirayo asaine kuti amadziwa zilankhulo zonse ziwiri komanso kuti wamasulira molondola. Amuna anu atengenso mapepala a malipiro awo a posachedwapa, chifukwa fomu ya I-864 imene anasaina, yolonjeza kuti azikusamalirani pa nkhani ya ndalama, imafuna kuti ndalama zimene amapeza zifike pa 125 peresenti ya mlingo wa umphawi umene boma limaika.

Bambo wa ku Seattle anayankha kuti:

Mayi, funso lanu lachiwiri silinayankhidwe mokwanira, ndipo ndi limene ndikufuna kulikhalira pansi. Mafunso onga a mbali ya bedi alipodi, koma nthawi zambiri amabwera wofunsayo akayamba kukayikira. Zikatero amakupatulani, aliyense n'kufunsidwa payekha mafunso ofanana, kenako amayerekeza mayankho. Kufunsa kotereku kumatchedwa Stokes, kuchokera pa mlandu wina umene unazengedwa ku New York. Manyazi anu ndikuwamvetsa, popeza tonse tinaleredwa choncho, koma kwa iwowo kuzengereza ndi kuyang'ana pansi kukhoza kuoneka ngati mukubisa kanthu. Muwauze mosabisa kuti kwanu nkhani zotere sizikambidwa pagulu, kenako muyankhe mwachidule. Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musapeke yankho. Ngati mwaiwala tsiku lobadwa la apongozi anu, nenani kuti mwaiwala, chifukwa yankho longopeka likasemphana ndi la amuna anu limabala chikayiko pamene panalibe vuto. Boma limaitenga nkhaniyi mozama chifukwa ukwati wachinyengo chilango chake chimafika zaka 5 kundende ndi chindapusa cha madola 250,000.

Mudziwenso kuti akakuvomerezani ukwati wanu usanakwane zaka ziwiri, mudzalandira khadi ya zaka ziwiri zokha. M'masiku 90 omaliza khadiyo isanathe, nonse awiri mudzatumiza fomu ya I-751 yopempha kuti achotse malire a zaka ziwiriwo, ndipo adzafunanso umboni womwewu, choncho mapepala amene mukusonkhanitsa lerowa musadzawataye.

Mayi wa ku South Bend analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse. Mwini nyumba wavomera kulemba kalatayo, ndipo mchemwali wanga ku Dedza wanditumizira zithunzi za chinkhoswe. Madzulo ano ine ndi amuna anga tikhala pansi kuti tiwerengenso mafomu onse awiri tsamba ndi tsamba.