Manotsi akukwiririka pa gulupu: tithandizane nzeru, aphunzitsi a ku Salima

Mphunzitsi wa zamagetsi: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kalasi yanga ya chaka choyamba yalephera kwambiri mayeso a pakati pa temu. Ku practical manja awo ali bwino, waya amalumikiza mwaukhondo, koma masamu a Ohm's law, lamulo lowerengetsera kayendedwe ka magetsi mu waya, akuwakanika. M'mawa amalowa maso ali psuu, ena akuwodzera pa desiki. Ukayang'ana pa WhatsApp ali "online" mpaka tambala woyamba. Ndikuganiza zongoletseratu mafoni.

Mphunzitsi wa accounts: Achimwene, mukaletsa, manotsi muziwatumiza kuti? Chiyambire 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, tonse tinazolowera kuponya manotsi a PDF pa gulupu la WhatsApp. Mwanayo amagula bandulo ya WhatsApp kapena Facebook ku TNM kapena Airtel poti ndiyo yotchipa. Ya intaneti yonse, yoti atsegulire Google Classroom, app yophunzirira ija, ambiri saikwanitsa. Ndiye tamukhazika tokha pakati pa msika, n'kumadabwa kuti sakumva zomwe tikunena.

Wa zamagetsi: Zoona madam. Ndikatumiza notsi, ola lisanathe yakwiririka ndi ma sticker, mkangano wa Bullets ndi Wanderers, ndi timavidiyo ta TikTok. Mawa lake wina akuti sanaione.

Mkulu wa zomangamanga: Vuto lili pomwepo, mphwanga. Ine ndinagawa pawiri. Gulupu limodzi ndi la manotsi basi, ndipo pa settings ndinaika kuti otumiza akhale ma admin okha, ine ndi class rep. Lina ndi lawo locheza, ine mulibemo. Koma mu workshop foni ayi, apo sitikambirana. Pakhomo pali katoni, aliyense amasiya yake polowa. Munthu ali pa grinder kapena pafupi ndi waya wamoyo, foni n'kulira m'thumba, chala chimapita pomwepo.

Wa accounts: Ndiwonjezere za nthawi, chifukwa izi zimandikhudza mtima. Ambirife timatumiza manotsi usiku tikamaliza za pakhomo, mwina 10 koloko. Mwana wafuna kugona, ife ndi amene tikumuitanira pa foni, ndipo akalowa satulukanso. Ndi kutentha kwa kuno m'mwezi wa October tulo timavuta kale. Ine ndimatumiza Lachisanu masana. Lolemba m'mawa ndimapereka mafunso asanu ochokera m'manotsi omwewo, olemba papepala, ndipo malikisi amalowa mu continuous assessment, kutanthauza malikisi osonkhanitsa temu yonse. Akadziwa kuti Lolemba kuli mafunso, PDF ija amaitsegula.

Mkulu wa zomangamanga: Musaiwale omwe ali ndi kafoni ka mabatani, kapena magetsi akathima foni yafa. Kope imodzi yosindikiza ikhale kwa class rep, ina ku laibulale.

Wa zamagetsi: Nanga za kugona mochedwazi? Ku hostel sindingawalondere.

Wa accounts: Simungathe, koma asonyezeni okha. Pa mafoni ambiri a Android muli Digital Wellbeing mu settings, imaonetsa maola omwe munthu watha pa app iliyonse. Auzeni atsegule m'kalasi, aliyense aone yake, asakuonetseni. Kenako alembe pambali maola omwe wawerenga sabata imeneyo. Malo omwewo muli timer yotseka app maola akakwana.

Wa zamagetsi: Zikomo akuluakulu. Gulupu la manotsi nditsegula lero, katoni ndiipeza ku stores. Mafunso a Lolemba ndiyambira pa series ndi parallel circuits, njira ziwiri zolumikizira magetsi, pomwe ambiri anagwera.