Thandizeni: mafilimu oseketsa othamangitsana ndi magalimoto

Muli bwanji nonse abale?

Ndili ku Chipata, ndipo ndikufunira atate anga mafilimu. Anali dalaivala wa malole pa Great East Road zaka zambiri, kupita ku Lusaka ndi kubwerera, koma chiwagwireni sitiroko sayankhula kwenikweni. Tsiku lina pa TV panatuluka filimu yakale, apolisi akuthamangitsa dalaivala wochenjera, magalimoto awo akugwera m'matope, ina kulumpha mlatho, wapolisi n'kutuluka ali bwinobwino akungokalipa chipewa chili m'manja. Atate anaseka mpaka misozi. Amayi anathamanga kuchoka ku khitchini, chifukwa kuseka kotero tinali titakuiwala. Ndikuona kuti chimawakoma n'chakuti palibe amene amafa, ndipo nkhani imamveka ndi maso okha ngakhale Chingelezi chikudutse. Akamva injini ikulira dzanja lawo limayenda ngati akusintha magiya.

Dzina la filimuyo sindinalione. Ndinapita kwa anyamata okopera mafilimu m'tauni, anandiikira a mfuti ndi magazi okhaokha, atate anangotembenukira kukhoma. Pa YouTube ndikupeza tizidutswa ta mphindi zitatu, bandulo n'kutha. Mphwanga wa ku Lusaka anatumiza a mipikisano, koma mulibe zoseketsa.

TV yathu imawerenga flash, makamaka MP4. Ndikufuna opanda zamaliseche chifukwa adzukulu amaonera limodzi nawo.

Ndani akudziwa maina a mafilimu otere, makamaka a m'ma 1970 ndi 1980? Nanga muno mu Chipata, kapena ku Katete, ndingawapeze kwa ndani? Ngakhale DVD yakale ndigula.