Maboti awiri akale atsala: ndisankhe chifukwa cha tebulo?

NaMatanga analemba:

Akuluakulu a pamadzi, ndabwera ndi nkhani yoti ena aseka, koma ine yandisowetsa tulo. Ine ndi bambo a kunyumba tikufuna kugula boti la matanga logwirapo kale ntchito, loti tizigonamo ndi kuphikamo tikapita ulendo wa masabata angapo m'mbali mwa nyanja. Tilipo anayi, ifeyo ndi ana awiri, ndipo wamkuluyo watalika kale kundiposa. Zowoloka nyanja zikuluzikulu si zimene tikufuna pakali pano.

Pa maboti amene taona atsala awiri. Loyamba ndi Westerly Centaur, la mafiti 26, la m'ma 1970. Mbali imodzi muli mabenchi awiri oyang'anizana, tebulo pakati. Tebulolo limatsika n'kufanana ndi mabenchi, ukaikapo khushoni basi lasanduka bedi la anthu awiri. Nditakhala pamenepo, zigongono patebulo, n'kusuzumira pawindo, mtima unangoti ndi lomweli. Koma nsalu ya kudenga yalendewera, mukununkha chuku, ndipo injini ndi yomwe inabwera ndi botilo. Mwini wake akuti imalira bwinobwino, kungoti titafika tinapeza aitenthetsa kale.

Lachiwiri ndi Albin Vega, la mafiti 27. Mkati ndi mouma, injini ya dizilo anasintha zaka zochepa zapitazo, mawaya ogwira mlongoti ndi atsopano ndipo malisiti alipo. Koma abale, kupanikiza kwake! Mabenchi awiri aatali, lina uku lina uku, kanjira pakati, ndiye tebulo ndi kathabwa kozula ka miyendo yolowetsa m'mabowo a pansi. Ukakaika, njira yatsekeka, wofuna kuchimbudzi adikire anzake amalize kudya. Bambo a kunyumba sakutha kuima mowongoka m'menemo.

Kodi ndikupenga kufuna boti chifukwa cha malo odyera? Nanga mu Vega muja n'zotheka kukonza tebulo lina loti anthu anayi adyepo koma lizipindika?

Mkulu wa Nangula anayankha:

Mayi, palibe choseketsa apa. Boti la maulendo limakhala pa nangula kapena padoko nthawi yaitali kuposa imene limayenda, ndiye pokhala ndi podyera ndi nkhani ndithu. Koma tebulo ndi thabwa ndi mahinjesi, mmisiri wodziwa ntchito akukhomerani lina. Zimene zimadya thumba pa boti la zaka pafupifupi 50 ndi thupi lake, deki (pamwamba pake poyendapo), injini, ndi mlongoti pamodzi ndi mawaya ake. Muyambire kumeneko.

Za injini yotenthetsa zija sizinandisangalatse. Mwina mkuluyo amangofuna kukulandirani bwino, mwinanso akudziwa kuti m'mawa imavuta kudzuka. Mukamapitanso muwauziretu kuti asailize, ndipo mukafika muigwire kaye ndi dzanja. Dizilo yotopa imadziulula ili yozizira. Ikalira, thamangirani kumbuyo mukaone utsi. Wabuluu ndiye kuti ikuwotcha oyilo. Woyera wosatha ngakhale yatentha, mwina mafuta sakupsa bwino kapena madzi akulowa posayenera. Onaninso ngati madzi oziziritsa akulavulidwa ku ekizozi, ndipo musolole kachitsulo koyezera oyilo: akakhala wotuwa, wasakanikirana ndi madzi. Ma Centaur ambiri anatuluka ndi injini za Volvo Penta, zolimba ndithu, koma ngati ndi yoyambirira ija muziwerengeratu kuti tsiku lina mudzagula ina. Pa boti laling'ono lakale, injini yatsopano ndi ntchito yoiika nthawi zina zimaposa mtengo wa boti lenilenilo.

Centaur si boti loipa, musandimve molakwa. Pulani yake inachokera kwa Laurent Giles, linayamba kupangidwa mu 1969, ndipo pofika mu 1980 anali atapanga 2,444. Lili ndi ma keel awiri, zipsepse zachitsulo zolemera za kunsi kwa boti, moti madzi akaphwa limaima lokha osagwa chammbali. Pomwepo ndi pofunika kuyang'anitsitsa. Ma keel akewo ndi otangadza, ndiye boti limene lakhala zaka likumira m'matope ndi kuzuka madzi akabwera, pamene keel yalumikizana ndi thupi pamatopa. Tsegulani zitseko za pansi pa mabenchi, walitsani tochi pa mabawuti, muone ngati pali ming'alu, mizere ya dzimbiri kapena madzi ongodikha. Ambiri anawalimbitsa kale ndi fayibagalasi wowonjezera, funsani ngati lanulo linachitidwa. Nsalu yolendewera ija ndi matenda odziwika a maboti amenewa: siponji ya kuseri imafumbutuka ikakalamba. Ndi ntchito yauve yotopetsa khosi, koma siimiza munthu. Za chuku ndiye mufufuze, mupeze polowera madzi, kawirikawiri ndi m'mawindo.

Vega ndi ya ku Sweden, pulani ya Per Brohäll, ndipo anapanga oposa 3,000. Ndi boti limene Matt Rutherford anazungulira nalo North America ndi South America yekha osaima padoko, kuyambira mu 2011 mpaka 2012. Sindikunena kuti mukatero, ndikungoti n'lokhulupirika pa mafunde. Chake choti muone ndi ichi: mlongoti umaima pamwamba pa deki, ndipo kunsi kwake kuli mtanda wosenza katunduyo. Onani ngati mtandawo sunawerame ndiponso ngati deki sinalowe pansi mozungulira phazi la mlongoti.

Pa onse awiri, vulani nsapato muyende pa deki paliponse. Pamene pakunyenyera kuphazi, madzi analowa mkati. Gogodani ndi chigwiriro cha sikuludiraiva: pabwino pamamveka kuti ngwe, powola pamangoti phu. Ndipo musapereke ndalama boti lisanatulutsidwe m'madzi n'kuyezedwa ndi katswiri amene mwasankha inuyo, osati wogulitsa. Ayang'ane matuza kunsi kwa thupi, chiwongolero, ndi ma valavu onse olowetsa kapena kutulutsa madzi. A inshuwalansi nawonso kawirikawiri amafuna lipoti lake, ndipo ambiri amafunsa zaka za mawaya a mlongoti zikamayandikira 10. Malisiti a Vega aja ndi ndalama zimene wina wakulipirirani kale.

Chinanso, mabenchi aatali mukuwadandaulawo ndi amene amagonetsa munthu boti likuyenda litapendekeka. Mumangomanga nsalu yotchinga m'mbali, wagona. Bedi la tebulo lotsika ndi la padoko. Ine ndingatenge Vega.

Wa Pulena ndi Sowo anayankha:

Za injini ndasiyira akuluakuluwo, ine ndilankhule za matabwa.

Choyamba tengani tepi. Munthu mmodzi amafuna masentimita pafupifupi 60 m'mbali mwa tebulo kuti zigongono zisamenyane, ana angakwane pa 50. Kuchoka pamwamba pa khushoni, mutakhalapo, kufika patebulo pazikhala masentimita 28 mpaka 30. Ndikuti mutakhalapo chifukwa khushoni lakale limaphwa, ndiye mukayeza lili lopanda munthu tebulo lidzakufikani pachifuwa. Anthu anayi, awiri uku awiri uku, thabwa la mita imodzi ndi pang'ono m'litali likwana.

Njira imene ndimaikonda pa boti la kanjira pakati ndi tebulo la mapiko. Pakati pamakhala kabokosi kopyapyala, masentimita 15 kapena 20 m'lifupi, komangidwa zolimba pansi, ndipo mbali zonse muli mapiko ogwa. Mukamayenda mapiko ali pansi, pamwamba pa kabokosi pali malo oika makapu, mkati mumasungamo mabotolo. Kudya awiri, mwadzutsa phiko limodzi, njira ikadalipo. Koma Vega ndi yopapatiza, ndiye muyeze kaye ngati mwendo ungadutse pambali pa kabokosiko. Ikakanika imeneyo, pali tebulo lopachika pakhoma: limaimirira chogonera khoma la kutsogolo, madzulo mumalitsitsa, kamwendo kamodzi n'kugwa pansi, phiko n'kutambasukira ku benchi linalo. Masana pansi ponse ndi panu. Palinso mwendo wa aluminiyamu wozungulira wotchedwa Lagun, womangirira m'mbali mwa benchi, umene umakankhira tebulo uku ndi uku ndipo umazuka. Ndi wabwino pa thabwa laling'ono la anthu awiri, koma lalikulu limagwedera.

Za zipangizo musanyengerere. Matabwa a utuchi wopanikiza amene amapangira mipando ya m'nyumba asalowe m'boti, amamwa chinyezi n'kutupa. Pulayiwudi wa m'madzi wa mamilimita 12 akwana pa mapiko, m'mphepete monse mumate ndi epoxy, guluu wolimba wotchinga madzi, kenako vanishi. Masikuluwu ndi mahinjesi akhale a chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wa 316. Hinjesi ikhale yaitali ija yoyenda phiko lonse, osati tiwiri tating'ono. Makona onse azunguliridwe, chifukwa tsiku lina funde lidzaponyera nthiti za munthu pamenepo. Pa chifukwa chomwecho, tebulo lokhazikika limangidwe ndi mabawuti odutsa, likhale loti munthu wamkulu ataligwera silizuka. M'mphepete muike kamlomo kotchinga mbale, masentimita atatu kapena anayi, koma m'makona musiye mipata yopukutira nyenyeswa. Ine ndimapanga kozula, ka timapini, chifukwa kamlomoko kamapweteka mikono mwana akamalemba.

Chenjezo langa lalikulu ndi la makoma. M'boti, khoma si chotchinga chabe. Ena amagwira thupi kuti lisapindike, ena amasenza mlongoti. Mmisiri wa mipando ya m'nyumba akabwera ndi sowo n'kunena kuti tingodula apa kuti pakule, mulandeni sowoyo. Ndipo chilichonse mungamange pansi chisatseke zitseko zoonera madzi a kunsi ndi pampu.

Make Atsikana anayankha:

Abambo awiriwa anena zoona, koma ndikuona ngati sanakhalepo m'boti ndi ana mvula ikugwa tsiku lonse. Tebulo la m'mbali lija ubwino wake si kukongola ayi. Ana amakhala pamenepo, wina akujambula wina akuwerenga, inu mukudutsa ndi poto wotentha osapempha munthu kuti asunthe. Tebulo la pakanjira, ngakhale likhale la mapiko, aliyense wodutsa amadzutsa mnzake. Kuipa kwake kwa la m'mbalilo n'kwakuti ngati ndi bedi lanu, usiku uliwonse muzichotsa zonse, kutsitsa, kuyala, m'mawa kudzutsanso, ndipo wofuna kugona msanga amathamangitsa ocheza.

Komanso zoti amuna anu akuyenda chowerama musazipeputse. Zimenezo palibe mmisiri angakonze. Boti limene banja silikulikonda limangokhala padoko n'kumalipiritsa malo. Ndiye bwanji mukudzipanikiza pa awiri okha? Ngati anapanga oposa 2,000, Centaur ina yosinthidwa kale injini ndi denga ilipo penapake. Dziwaninso kuti mkati mwake anapanga mosiyanasiyana, si onse ali ndi mabenchi oyang'anizanawo, ndiye muzipempha zithunzi musananyamuke.

Ndipo kukakhala kowala simudzadyera mkati n'komwe. Kathabwa kozula ka Vega mukukanyozako kamaikikanso panja, pokhala woyendetsa, ndipo kumeneko ndi kumene mudzadyere masiku ambiri.

NaMatanga anayankha:

Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Tinabwerera ku Centaur ija titawauza kuti asailize. Inadzuka movutikira, utsi wabuluu n'kudzaza kumbuyo konse, ndipo pansi pa benchi la kumanzere tinapeza mizere ya dzimbiri yochoka pa mabawuti. Imeneyo taisiya, ngakhale mtima ukupwetekabe ndi tebulo lija. Tigwira mawu a Make Atsikana, tifunefune ina, koma Vega sitinaitaye. Bambo a kunyumba akuti mkati amakhala chokhala, kuima amaimira panja. Tiona ngati adzanenabe choncho.

Ndinayeza kanjira, ndipo kabokosi ka pakati sikangatheke, munthu angamadutse chammbali. Ndiye funso kwa a Pulena ndi Sowo: tebulo lopachika lija, khoma lake ndi lomwe lili kunsi kwa mlongoti. Kuboolapo si kuliwononga?

Wa Pulena ndi Sowo anayankha:

Timabowo ta mabawuti a mamilimita 6 sitifooketsa khoma, chimene ndimakana ndi kudula. Musakhomere hinjesi pakhoma penipeni ndi masikuluwu. Mangani kaye mtanda wa thabwa lolimba mopingasa, mabawuti adutse khoma, kuseri muike mawashala aakulu, ndiye hinjesi igwire pa mtandawo. Mabowowo muwapake epoxy musanalowetse mabawuti, ndipo mutalikire mtanda wa mlongoti uja ndi m'mphepete mmene khoma lamatidwa ku thupi. Kulemera kwambiri kuzipita pa kamwendo, ndipo phazi lake lilowe m'kabowo kapena likhale ndi loko kuti bondo la mwana lisalikankhe mbale zili pamwamba. Likapindidwa lizigwidwa ndi maloko awiri, osati maginito.

Koma musanagule thabwa lililonse, dulani katoni pa saizi yomweyo, mukaimate pakhomapo ndi tepi. Khoma la mbali imodzi ya khomo ndi lopapatiza, mwina mupeza kuti tebulo liyenera kupindidwa pawiri kuti likwane. Mukhale nonse anayi, wina ayese kudzuka kupita kutsogolo, muonenso ngati katoniyo sikuphimba nyale kapena mashelefu. Muchite zimenezi tsiku limene katswiri akuyeza botilo, mumufunsenso za khomalo ali pomwepo.