Zija za mitengo ya katundu pa Erie Canal: ziwerengero zagwirizana tsopano

Zikomo nonse amene munayankha funso langa lija, loti n'chifukwa chiyani mabuku amasiyana pa mtengo wonyamulira tani imodzi kuchoka ku mzinda wa Buffalo kukafika ku mzinda wa Albany pa Erie Canal, ngalande ya maboti ya m'boma la New York ku America. Ndinatsatira malangizo oti ndisiyanitse ndalama ziwiri: msonkho wa ngalande, umene unkapita ku boma la New York, ndi malipiro a mwini boti. Nditatero, zinalongosoka. Kutsika kotchuka kuja, kuchoka pa madola pafupifupi 100 pa ngolo kufika pa 10 ngalande itatsegulidwa mu 1825, kukunena za mtengo wonse, osati msonkho wokha.

Msonkhowo unkawerengedwa pa mapaundi 1,000 alionse pa mailo imodzi, mu timagawo totchedwa mill, ndipo ma mill 10 ndiwo senti imodzi. Tingoyerekeza kuti mtengo ndi ma mill 4: tani ya mapaundi 2,000 pa mamailosi 363, amene anali kutalika kwa ngalande yonse, ikukwana $2.90. Boti lenilenilo linkalipiranso pa mailo, ndipo katundu wa m'sitolo wopita kumadzulo ankalipira kwambiri kuposa ufa ndi tirigu.

Kulemera ankakupeza pa sikelo, monga ya mu mzinda wa Syracuse ya 1850. Boti linkalowa m'chipinda, n'kutseka zitseko, n'kukhetsa madzi mpaka litakhala pa chikwatu cha sikelo, kenako n'kuchotsera kulemera kwa boti lopanda kanthu kumene kunalembedwa kale.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa chaka. Ntchito yokulitsa ngalande itatha mu 1862, mtunda unatsika kufika pa mamailosi pafupifupi 350, ndiye 363 sagwiranso. Kuyambira 1883 msonkho unathetsedwa, zotsala zonse zinali malipiro a eni maboti.