Shelaki akundikana pa timabokosi ta mbawa, thandizani msanga

Wa pa Nchalo: Akuluakulu thandizani. Ndili ndi oda ya timabokosi ta mbawa tosungiramo ndolo ndi mikanda, kasitomala akutifuna Khirisimasi isanafike. Vanishi anakana, akuti amawala ngati pulasitiki, akufuna shelaki, utomoni wouma uja timasungunula mu sipiriti n'kupaka pa matabwa kuti awale. Ndasungunula ndekha, magalamu 250 mu lita ya sipiriti, sandipepa ndafika nayo pa nambala 240. Koma burashi isanafike kumapeto kwa thabwa yayamba kale kukakamira, mizere ili mbwee, m'makona mwaunjikana. Ndikati ndibwererenso ndisalaze ndiye ikuchita kukanda koti yapansi. Chivindikiro china chachita mbuu ngati chawazidwa ufa. Vuto ndi chani? Nthawi yandithera.

Madala a ku Ngabu: Mukupaka nthawi yanji, mwanawe? Ngati ndi masana pansi pa malata, ndi kutentha kwathu kuno kwa madigiri 40, sipiriti akuthawa inu musanamalize kukoka dzanja. Muyezo wa 250 ndi wa anthu a kozizira. Thirani sipiriti wina wofanana ndi amene alimoyo, utsike cha ku magalamu 120 pa lita. Ndipo pamene mwadutsa osabwererapo. Shelaki watsopano amasungunula wakale, ndiye kubwereza n'kuphwasula zomwe mwamanga. Palakwika, pasiyeni paume.

Wa ku Bangula: Pakani vanishi achimwene. Kasitomala sangasiyanitse.

Wa pa Nchalo: Madala, ndikupaka cha m'ma 11 ndikamaliza kupala. A Bangula, mayiwo anakhalako kunja, akudziwa chimene akufuna.

Mayi wa ku Nsanje: Tinthu ting'onoting'ono burashi ndi ya chiyani? Tengani thonje, si kuno komwe timalima? Chotsani njere, umbani kampira ngati dzira la nkhuku, kulungani mu kansalu ka malaya akale a thonje, oyera, osachoka ubweya. Shelaki muzithira mkati mwa thonjemo, osaviika kunja. Dindani pa pepala kaye: likanyowa chonyezimira ndiye kuti mwachulutsa, finyani. Dzanja lizitera likuyenda ndi kunyamuka likuyenda, mukangoima pamatsala chidindo. Kakayamba kukakamira, kadontho kamodzi ka mafuta odzola ana aja pansi pake, kamodzi basi. Makoti atatu opyapyala, muwasiye agone, mawa kwechani ndi sandipepa ya 320 kapena 400 mopepuka, pukutani fumbi, pitirizani. Mkati mwa bokosi mukanapaka musanalumikize, m'makonamo ndi momwe mumavutitsa.

Wa ku Bangula: Ntchito yonseyo pa kabokosi? Ine ndinapangira munthu tebulo la shelaki, lokongola zedi, wodziwonerapo nkhope. Tsiku la chinkhoswe mlamu wake anatayirapo kachasu. M'mawa anandibweretsera pa ngolo, pamwamba ponse patasungunuka, nsalu ya patebulo itamatirira. Ndani analipira? Ine. Shelaki saona mowa, saona kapu ya tiyi yotentha. Vanishi basi.

Madala a ku Ngabu: A Bangula, m'bokosi la ndolo athiramo kachasu ndani?

Wa ku Bangula: Perefyumu nanga? Muli sipiriti momwemo. Azimayi amaika botolo pamwamba pa bokosi, mudzaona.

Wa pa Dyeratu: Apo pokha a Bangula anena zoona, kasitomala mumuchenjeze. Za mbuu zija ndi chinyezi. Mvula ikagwa usiku dzuwa n'kuswa m'mawa, mpweya umakhala wodzaza madzi. Sipiriti akamauma mothamanga thabwa limazizira, madzi n'kutsekeredwa mkati mwa koti. Pa Nchalo ndi mizimbe yothiriridwa ija ndiye zimanyanya. Dikirani tsiku louma mupititsepo kansalu konyowa pang'ono ndi sipiriti, nthawi zambiri zimachoka. Komanso sipiriti wa m'timabotolo topanda chizindikiro musamukhulupirire, ena amathiramo madzi. Wofiirira uja pa mbawa sasokoneza, koma pa paini woyera amatha kusiya mtundu.

Mayi wa ku Nsanje: Funso lina achimwene, munasungunula liti? Wosungunula kale akakhalitsa sauma, amangokhala nomatanomata, ndipo kuno kotentha sachedwa kufa. Donthezani pagalasi, agone. Mawa chikhadabo chikalowa, tayani, osamva chisoni. Sandipepa ikamachita timibulu nayonso ikukuuzani kuti sanaume. Musunge m'botolo lagalasi lotseka bwino, m'chitini amada.

Madala a ku Ngabu: Ndipo mbawa ili ndi timabowo. Osadzaza timeneto, mupaka mpaka chaka chatsopano tikuonekabe. Koti iliyonse muzikwecha mpaka pafupi ndi thabwa, shelaki azitsalira m'timabowomo. Chinanso, sipiriti ali pafupi osasuta, lawi lake masana silioneka. Mnyamata wanga wina anayatsa ndudu pambali pa botolo lotsegula, tinazindikira ndi fungo la malaya. Anyamata muwauzenso kuti si chakumwa, amachititsa khungu ameneyo.

Wa ku Bangula: Moto, khungu, chinyezi, timabowo. Mwamva nokha. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 madzi atalowa m'nyumba, mipando yanga ya vanishi tinangotsuka matope. Ya shelaki inali bwanji?

Wa pa Dyeratu: Madzi aja anasiya chiyani akulu, ngakhale guluu anamasuka. Koma shelaki akakandika umangopititsapo kampira, zatha. Vanishi akasenda mukwecha tsiku lonse.

Wa ku Bangula: Sasenda mukapaka bwino.

Wa pa Dyeratu: Tisiye izo. A Nchalo, mbawa youma mukuipeza kuti masiku ano? Yomwe ndinatsitsa kuchokera ku Blantyre inapindika isanathe sabata, ndipo mtengo wa transipoti pa Thabwa apa ndiye musanene.

Mayi wa ku Nsanje: Inenso ndikufuna ndimve. Shelaki weniweniyo nayenso, popeza amachokera ku India, ofika kuno amakhala atagwirana chibuma ndi kutentha. Alipo akupita ku Limbe sabata ino tisonkherane?