Ndinaikitsa bandi pa chifu koma sikelo yaima, ndithandizeni

Membala wobisa dzina: Admin ndibiseni dzina chonde, pagulu pano pali alamu anga. Ndine mayi wa zaka 41, ndimakhala cha ku Luchenza. Mu February ndinapita ku India kukachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi yoika bandi pa chifu, ija amati gastric band. Ndinali ndi makilo 118, shuga ndi BP zonse zili m'mwamba, mawondo akulira ndikangokwera kamtunda kochokera kumsika. Ndalama zake musafunse, tinagulitsa puloti, mpaka lero bambo akunyumba akakwiya amayitchula. Miyezi yoyamba zinkayenda, ndinafika 104. Koma pano masabata 7 sikelo ili pomwepo, lero 104 mawa 105, chonsecho ndimakwerapo m'mawa, masana ndi usiku. Apongozi anga akuti ndikunyoza nsima yawo, ati ndinapita kunja kukaphunzira matama. Kutchalitchi amayi akunong'onezana kuti ndayamba mankhwala aja, wina anachita kundigwira dzanja n'kuti limbani mtima. Telala naye anandiwonongera nsalu ya mapisi atatu poibweza. Ndatopa abale. Mumatani kuti musataye mtima? Kapena pali tiyi wothandiza?

Coach wa pa Chitakale: MAYI VUTO NDI LIMODZI, SIMUKUYENDA. Bandi si mankhwala amatsenga. Mphindi 30 tsiku lililonse, masiku 5 pa sabata, ndiye kuti mphindi 150. Pakatha masabata awiri muwonjezere kufika 45. Liwiro lake likhale loti mutha kuyankhula koma simungathe kuimba. Kawiri pa sabata tengani zigubu ziwiri za malita 5, chilichonse ndi makilo 5, muzinyamule mukuyenda mapazi 40, kupuma, kubwereza kasanu. Kenako kukhala pampando ndi kudzuka osagwira, ka 12, maulendo atatu. Misewu ya m'minda ya tiyi ili mbwee kwanuko, chowiringula palibe.

Namwino wa ku Thyolo: Mayi, musanayambe kunyamula zigubu tiyankheni izi. Bandi yanu anaithira madzi oithinitsa kangati, komaliza liti, ndipo muli mamililita angati? Nanga mukudya chiyani kwenikweni, zotafuna kapena zakumwa? Mukumasanza kapena kumva chilungulira usiku? Msinkhu wanu ndi wotani? Popanda izi tonse tikungolota.

Mlomwe weniweni: Puloti yonse kulowa m'mimba kkkk. Bambowo akamadandaula muziwauza agwire pamimbapo, malo awo ali pomwepo.

Membala wobisa dzina: Msinkhu ndi mamita 1.62. A Coach ndimayenda ndithu popita ku banki m'khonde Lachinayi.

Coach wa pa Chitakale: Lachinayi lokha? Mwadziulula nokha.

Mlangizi wa zakudya, Bvumbwe: Tiwerengere limodzi, chifukwa mtima ukugwa pa chinthu chimene sichinalakwike. Pa msinkhu wa 1.62, thupi loyenera limathera pa makilo pafupifupi 66. Ndiye pa 118 paja opitirira anali 52. Bandi siithamanga ngati maopaleshoni odula chifu aja. Kawirikawiri munthu amataya pafupifupi theka la makilo opitirirawo, ndipo zimatenga zaka ziwiri, ena zitatu. Theka la 52 ndi 26. Inu mwataya 14 pa miyezi 8, ndiye kuti mwadutsa kale pakati pa ulendo nthawi isanafike pakati. Amene anakuuzani kuti pofika Khirisimasi mudzakhala ngati mtsikana wa fomu 2 anakunamizani.

Sikeloyo ichokeni. Thupi limasintha kilo imodzi kapena ziwiri pa tsiku limodzi chifukwa cha madzi, mchere, kudzimbidwa ndi masiku a kumwezi. Kukwera katatu patsiku ndi kudzizunza chabe. Kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo, m'mawa mutapita kuchimbudzi, musanadye, sikelo ili pa simenti osati pamphasa. Mulembe m'kope. Kamodzi pa mwezi tengani tepi ya telala muyeze chiuno pa mchombo. Nthawi zambiri sikelo ikaima tepi imakhala ikuyenda.

Coach wa pa Chitakale: Masamu sachepetsa thupi asisi. Thukuta.

Mlangizi wa zakudya, Bvumbwe: A Coach, kuyenda mphindi 30 kumafafanizika ndi mandasi amodzi. Masamuwo ndi anu omwe.

Zitsamba Zamphamvu Limbuli: Amayi bwerani ku inbox, tili ndi tiyi wosungunula mafuta masiku 14 basi.

Namwino wa ku Thyolo: Admin chotsani uyu. Matiyi amenewa ambiri ndi otsegula m'mimba ndi okodzetsa, chimachoka ndi madzi osati mafuta. Munthu wa bandi amavutika kale kumwa madzi okwanira, ndiponso ali pa mankhwala a BP ndi shuga. Mukufuna akomoke?

Mayi Busa: Mwanawe, za anthu akutchalitchizo usazisunge mumtima. Kuno kwathu munthu akaonda amati wadwala, akanenepa amati akudya bwino, pakamwa pa anthu sungapatseke. Sankha mayi mmodzi wolankhulitsa uja umuuze mwachindunji kuti adokotala anakulamula kuchepetsa thupi chifukwa cha shuga. Pofika Lamulungu mpingo wonse udzakhala utamva, iwe osatayanso malovu. Kwa apongozi, usakane mbale. Landira, tema kambamu kakang'ono, yamikira ndiwo, uuze mwamuna wako kuti ndi iye afotokozere mayi ake. Si ntchito ya mkamwana imeneyo.

Mlomwe weniweni: Kambamu kakang'ono pamaso pa apongozi achilomwe? Amayi Busa mukufuna ukwati uthe kkk. Akamuphikira kalongonda akane bwanji, poti ameneyu amaphikidwa tsiku lonse.

Coach wa pa Chitakale: Nkhani za apongozi zikutichedwetsa. Mayi gulani nsapato zoyendera zabwino pa kaunjika, zokula pang'ono ndi theka la nambala chifukwa phazi limatupa. Muziyenda 5 koloko m'mawa dzuwa la October lisanapse. Pezani mnzanu woti azikugogodani pakhomo, munthu sajomba akadziwa kuti wina akudikira panja. Cholinga chikhale chooneka: pofika January mukafike pa mathithi a Likhubula osapuma panjira kopitirira kawiri. Chimenecho ndiye chilimbikitso, osati kulira pa Facebook.

Mlangizi wa zakudya, Bvumbwe: Za mnzake wogogoda ndavomera, zinazo ayi. Chimene a Coach sakuchidziwa ndi mmene bandi imagwirira ntchito. Ndi kalamba ka mphira wofewa wotchedwa silikoni kozungulira kumtunda kwa chifu, kamasiya kathumba kakang'ono pamwamba, ka masupuni awiri aakulu. Chakudya cholimba chimachedwa pamenepo, ndiye ubongo umamva kuti mwakhuta. Koma chamadzi chimangodutsa ngati mvula pa lata. Thobwa, maheu, Sobo, phala la mtedza lothira shuga ndi majarini, yogati wotsekemera, mapeyala osakaniza shuga, zonsezi bandi siiziona n'komwe. Tiyi yekhayu: masupuni atatu a shuga pa kapu, makapu anayi patsiku, ndi masupuni 12, pafupifupi magalamu 48. Pa masiku 40 shuga ameneyo ndi wofanana ndi kilo yathunthu ya mafuta m'thupi. Kuno kwa tiyi kuno anthu timamwa shuga wothira tiyi.

Kadyedwe kake nkotere. Sosala osati mbale. Yambani ndi ndiwo zomanga thupi, kenako masamba, nsima kapena mbatata pomaliza ngati malo atsala. Nthongo ikhale ngati chala chachikulu kumapeto, tafunani ka 20, ikani supuni pansi, dikirani mphindi imodzi musanatenge ina. Zikakwana mphindi 20 siyani, zotsala zichoke pamaso. Osamwa madzi mukudya, dikirani mphindi 30, koma tsiku lonse muzipsontha mpaka lita imodzi ndi theka kapena awiri. Zakumwa za gasi ayi.

Mapuloteni afike magalamu 60 patsiku. Dzira limodzi ndi 6, kapu ya mkaka kapena chambiko ndi 8, theka la kapu ya nyemba kapena nandolo zophika ndi 7, kanyama ka nkhuku kofanana ndi chikhatho chopanda zala kamapitirira 20. Usipa ndi matemba muziphika mofewa ndi tomato, minga ikuluikulu kuchotsa. Soya pieces nawo ndi abwino mukawanyika mokwanira. Mapuloteni akachepa tsitsi limathothoka, minofu imatha, njala siichoka.

Mlomwe weniweni: Kutafuna ka 20 pamaliro? Pomwe mukumaliza nthongo yachiwiri anzanu atsuka kale mbale.

Wa ku Thekerani: Ine ndikuona vuto ndi bambowo. Mwamuna wotchula puloti tsiku ndi tsiku ndi amene akukweza BP. Shuga uja akanakudulitsani mwendo akanatchula chiyani? Komanso a gulu, bwanji tikulimbikitsa anthu kukataya ndalama kunja pomwe kungosiya nsima yamadzulo kumakwanira?

Namwino wa ku Thyolo: Achimwene, opaleshoni inachitika kale, funso lanulo lachedwa ndi miyezi 8. Ndipo munthu wa makilo 118 wa shuga sachira ndi kusiya nsima yamadzulo. Mayi, mwayankha msinkhu wokha. Ndikubwerezanso chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Bandi ili ndi kachubu kopita pa kabatani kamene kali pansi pa khungu la pamimba. Pamenepo dokotala amabaya n'kuthira kapena kuchotsa madzi amchere. Koyamba amathira pakatha masabata 4 mpaka 6, kenako amasintha pang'onopang'ono, theka la mililita kapena imodzi, kangapo m'chaka choyamba mpaka ipezeke pabwino. Ikakhala yokhwefuka, mumadya mbale yonse ndipo pakatha maola awiri njala. Ikakhala pabwino, sosala imakukwanirani maola anayi osasanza. Ikathina kwambiri, zolimba zimakana, munthu amathawira ku phala ndi thobwa, ndipo sikelo imaima kapena kukwera kumene. Anthu ambiri amaganiza kuti kuthina ndiye kuonda msanga. Ndi bodza limene lawononga ambiri.

Coach wa pa Chitakale: Anamwino mumakonda kuopseza. Munthu wapempha chilimbikitso, inu mukumupatsa matenda. MAYI DZUKANI MAWA 5 KOLOKO.

Namwino wa ku Thyolo: Sindikuopseza, ndikufunsa.

Coach wa pa Chitakale: Zigubu zija muyambe ndi za malita awiri ngati mawondo akuvuta. Potsika mtunda muzifupikitsa mapazi, mawondo amapwetekeranso potsika osati pokwera pokha.

Mlangizi wa zakudya, Bvumbwe: Ndinaiwala zokakamira. Buledi wofewa, mpunga, chigumu, nyama yang'ombe yowotcha kapena youma, chinangwa cha mitsitsi, mango a ulusi, khungu la tomato, makoko a chimanga chowotcha, mtima wa chinanazi. Nsima yolimba yozizira nayo imapanga chibuma. Chikakakamira musakankhire ndi madzi, mungosanza. Imirirani, yendani pang'ono, dikirani. Tsiku limenelo bwererani ku zamadzi kuti potupapo paphwe. M'mawa bandi imathina kuposa madzulo, ndiye kadzutsa azikhala wofewa.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Amayi Busa ndachita monga mwanenera, ndamuuza mayi uja. Anamwino, anathira kawiri ndisanabwerere, kachiwiriko ndinawapempha athire yambiri poti sindikanatha kubwereranso msanga, tikiti ndi yodula. Nambala yake sindikukumbuka, pepala lili m'sutikesi. Kuyambira pamenepo palibe wagwirapo. Nyama ndi nsima ndinasiya kalekale, zimabwerera. Ndimadalira phala, thobwa ndi tiyi wamkaka. Usiku ndimagonera mapilo atatu chifukwa madzi owawa amabwera kukhosi, ndimadzuka ndikutsokomola. Koma izi ndinazolowera, vuto langa ndi sikeloyi.

Namwino wa ku Thyolo: Mayi, zimenezo si zozolowera. Bandi yathina, kapena yatsetsereka pamalo pake, ndipo sikelo yaimira chomwecho. Kusanza kwa miyezi kumakoka chifu kudutsa mu bandi, kumatambasula kummero, ndipo madzi obwera usikuwo akalowa m'mapapo ndi chibayo. Tulutsani pepalalo lero, palembedwa mtundu wa bandi ndi mamililita ake. Lemberani amene anakuchitani opaleshoni muwauze ndendende zimene mwalemba apazi. Sabata ino mukaonane ndi dokotala wa maopaleshoni ku Blantyre, mutenge pepalalo, akujambuleni mutamwa mankhwala oonetsa njira ya chakudya kuti aone pomwe bandi yakhala. Nthawi zambiri kuchotsako madzi pang'ono kumasintha zonse. Kabataniko kamabayidwa ndi singano yakeyake yotchedwa Huber, singano wamba imaboola mphira wake n'kuyamba kudontha, choncho funsani ngati ali nayo musanakwere minibasi, ndipo musalole aliyense kungoyesa. Pakadali pano osadya kanthu maola atatu musanagone, ndipo Brufen, diclofenac ndi asipirini muzisiye pokhapokha adokotala anene, zimakanda chifu. Panado alibe vuto. Mukaona kuti ngakhale madzi akubwerera, kapena kupweteka kwambiri pamwamba pa mimba, kusanza magazi, kutentha thupi, pakabatani kufiira kapena kutuluka mafinya, musadikire kuche, pitani kuchipatala usiku womwewo. Mankhwala a shuga ndi BP nawo awaunikenso, mlingo wa munthu wa makilo 118 si wa munthu wa 104.

Mlangizi wa zakudya, Bvumbwe: Akachotsako madzi mwina mukwera kilo imodzi kapena ziwiri masabata oyamba, musadabwe. Tsiku loyamba ndi lachiwiri zamadzi, kenako zofewa, kenako mubwerere ku dzira, nsomba ndi nyemba zotafuna. Thobwa lija lipume.

Coach wa pa Chitakale: Chabwino apite ku Blantyre. Koma akatsika pa Limbe ayende wapansi, asakwere kabaza.

Wa ku Thekerani: Ndiye bambo aja amva kuti pakufunikanso ndalama zina. Tidikire puloti yachiwiri.

Membala wobisa dzina: Pepala ndalipeza, palembedwa 7 ml. Kodi ku Blantyre ndingapite Lachisanu? Lachinayi ndi tsiku langa lolandira ku banki m'khonde.

Namwino wa ku Thyolo: Imbani mawa m'mawa. Ndalamazo akusungirani.