Thandizeni: ma tortilla a ku Guatemala akungonyenyeka

Moni nonse a pagulu pano. Ndikufuna kuphika pepián, ndiwo ya nkhuku ya ku Guatemala yomwe msuzi wake amasinjiramo nthanga za maungu, chitowe, tomato ndi tsabola zokazinga. Msuziwo ukutheka bwinobwino. Chandivuta ndi ma tortilla, timikate topyapyala ta chimanga todyera ndiwoyo.

Ndayesa ufa woyera, wakana kugwirana. Mgaiwa nawo ukung'ambika ndikangouphwathika m'manja, ukafika pa chiwaya n'kuuma gwa! Nditathirako ufa wa tirigu anagwirana, koma amenewo ndi chapati basi, fungo la chimanga palibe.

Kwawoko amawiritsa chimanga chosakonola m'madzi a laimu, chigone usiku wonse, m'mawa n'kuchitsuka gaga achoke, kenako amachigayitsa chili chonyowa. Ine ndili ku Lilongwe, chimanga ndili nacho chamakolo, ndipo ku chigayo chakwathu akukana chimanga chonyowa.

Laimu woyenera kudya, osati wopaka nyumba, ndingamupeze kuti? Nanga chidulo cha phulusa chomwe timathira mu therere chingalowe m'malo mwake? Ndipo kusinja mu mtondo kungasalale mokwanira? Amene munayesapo, chonde ndiuzeninso muyezo wa laimu pa kilogalamu imodzi ya chimanga.